Mafunso ndi mayankho: kuyendetsa bungwe lothandiza anthu motsata malamulo ku Kasungu

Awa ndi mafunso amene sakhalitsa kubwera tikakhala pansi ndi makomiti a mabungwe ang'onoang'ono kuno ku Kasungu, kuyambira pa boma mpaka ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi kwa Chulu. Ena amafunsidwa poyera. Ena munthu amadikira msonkhano uthe, n'kukukokera kuseri kwa kalasi kuti akufunse motsitsa mawu. Onse tawayankha mosapsatira.

Tili ndi gulu losamalira ana amasiye m'mudzi mwathu. Kodi ndife CBO kapena NGO?

Ngati ntchito yanu ili m'dera la gulupu mmodzi kapena awiri, nonse ndinu ongodzipereka, ndipo ndalama zimachokera m'zopereka za mamembala, dimba la gulu kapena kathandizo ka apo ndi apo, ndinu CBO, kutanthauza gulu la anthu a m'dera lomwelo (Community Based Organisation). Mumalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kumene ambiri amangoti kwa a Social Welfare. Mumatenga malamulo a gulu lanu, mayina a komiti, ndi makalata ochokera kwa amfumu ndi ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la Gogo Chalo. Makalabu a achinyamata amadzera ku ofesi ya achinyamata.

NGO, kutanthauza bungwe lomwe si la boma, imayendera lamulo la NGO Act la 2001, limene linakonzedwanso mu 2022, ndipo imayang'aniridwa ndi NGORA, bungwe limene linalowa m'malo mwa NGO Board. Magulu ambiri amathamangira dzina la NGO poganiza kuti dzinalo palokha limakoka ndalama. Chimene limakoka mosalephera ndi udindo: malipoti a chaka ndi chaka, odita woti alipidwe, ndalama zopereka ku NGORA. Gulu la mkombaphala limene likudyetsa bwino ana 50 lisachite manyazi kukhala CBO.

Nanga tikatsimikiza zokhala NGO, tiyambire pati?

Pali makomo awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kwa Registrar General. Kumeneko bungwe limapatsidwa mphamvu yoima palokha pamaso pa malamulo: kukhala ndi malo, kutsegula akaunti, kusuma kapena kusumiridwa m'dzina lake, osati la munthu. Mumasankha kulembetsa matrasti motsata Trustees Incorporation Act ya 1962, kapena kampani yopanda masheya, yosagawa phindu, motsata Companies Act ya 2013.

Khomo lachiwiri ndi NGORA. Kumeneko akafuna malamulo oyendetsera bungwe, mayina a bodi, ndondomeko ya ntchito, kumene ndalama zizichokera, ndi mgwirizano ndi unduna umene ntchito yanu ikukhudza. M'bodimo mukhale Amalawi osachepera awiri. Satifiketi ya khomo loyamba sikuti ndi chilolezo chogwira ntchito ngati NGO. CONGOMA nayo ndi ina: ndi khonsolo ya mabungwe eni ake, yowalumikizitsa ndi kuwayankhulira, pamene NGORA ndi yoyang'anira. Musaiwale TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, bungwe lotolera misonkho.

Mapepala onse tili nawo. N'chifukwa chiyani akutiuzabe kuti tikaonekere ku DEC?

Chifukwa boma la Kasungu lili ndi dongosolo lake lachitukuko, ndipo kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998 dongosololi limakwera kuchokera ku VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi, kupita ku ADC, mpaka ku khonsolo. Ku DEC (District Executive Committee), komiti yolangiza khonsolo pa zachitukuko, kumakhala akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe anzanu. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti mudzi umene mukufuna kukumbamo mjigo uli kale ndi iwiri, pamene kutsidya kwa dambo amayi akutunga pachitsime chimodzi ndi ng'ombe. Mukachoka ku DEC kafikeni kwa Gogo Chalo ndi ku ADC musanakhome chikwangwani. Kumbukiraninso kuti Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya tauni ndi ya boma lonse. Onani kuti malo anu akugwera kuti.

Bungweli ndinaliyambitsa ndine, ndi ndalama zanga za fodya. Lero bodi ikundifunsa malisiti. N'zoona zimenezi?

N'zoona, bambo, ndipo bodi imene sikukufunsani ndiyo ikukupwetekani.

Tikudziwa zimawawa. Munagulitsa mabelo ku msika wa fodya wa Chinkhoma, anzanu akugula njinga zamoto inu mukugula malata a ofesi. Munayenda ndi mafayilo ku Lilongwe ena onsewa ali phee kunyumba. Koma tsiku limene bungwe linalembetsedwa, linasiya kukhala katundu wanu. Zili ngati mwana amene mwamukwatitsa: ndi wanu ndithu, aliyense akudziwa, koma simungalowe m'nyumba mwake osaodira. Ndalama imene ikulowa mu akaunti si yanu, si ya bodi, ndipo ikangoperekedwa si ya wopereka thandizonso. Ndi ya ntchito imene munalemba m'malamulo a bungwe, ndipo nonse mwangosungitsidwa.

Ntchito zimagawidwa chonchi. Bodi imalemba ntchito dayirekitala, imavomereza bajeti, imawerenga malipoti a zachuma, imasankha odita, ndipo zikavuta imatha kumuchotsa dayirekitalayo, ngakhale akhale woyambitsa. Dayirekitala amayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndipo amayankha ku bodi. Ndiye munthu mmodzi asakhale wapampando wa bodi n'kukhalanso dayirekitala, chifukwa azidzipatsa yekha lipoti n'kudziwombera yekha m'manja. Mabodi ambiri amene timawaona ndi a mayina okha: abusa, aphunzitsi opuma, mlamu wa ku Area 25, anthu olemekezeka amene anapemphedwa fotokope ya chiphaso cha unzika tsiku lolembetsa, ndipo sanaitanidwenso. Anthu amenewa sadziwa kuti zinthu zikadzasokonekera, mayina amene adzawerengedwe ndi awo.

Ndalama zanu zimene munaikamo zilembedwe. Ngati inali mphatso, ilembedwe kuti mphatso. Ngati inali ngongole, bodi ivomereze m'maminitsi ndipo mugwirizane kabwezedwe. Choipa ndi kudzibwezera nokha mwakachetechete ndalama ya pulojekiti ikafika, mumtima mukuti "ndi zanga zomwe zija". Odita sawerenga za mumtima.

Mayi a kunyumba amadziwa bwino za ndalama. Angakhale msungichuma?

Akhoza kukhala odziwa ndi okhulupirika kuposa wina aliyense, koma ayi. Mwamuna ndi mkazi wake, kapena munthu ndi mphwake, asamasainire akaunti imodzi. Nkhani si yakuti aba. Nkhani ndi yakuti tsiku limene adzanamiziridwe, sipadzapezeka wowaikira umboni.

N'chimodzimodzi membala wa bodi amene ali ndi hadiweya kapena lole. Bungwe likafuna simenti, iye anene poyera kuti nkhaniyi ikumukhudza, atuluke panja anzake akamasankha, ndipo mlembi alembe kuti anatuluka. Makotesheni atatu akhale ochokeradi m'masitolo atatu. Odita amawazindikira makotesheni olembedwa ndi dzanja limodzi, cholembera chimodzi, zidindo zokha n'kusiyana.

Kodi a bodi amalandira malipiro?

Udindo wa bodi ndi wongodzipereka. Thiransipoti ndi nkhomaliro ya tsiku la msonkhano n'zololeka, pa mlingo umene unalembedwa ndi kuvomerezedwa. Koma mukaona kuti misonkhano ikuchitikira ku nyanja pamene nonse mumakhala pa Kasungu pompano, dziwani kuti alawansi ndiyo yayamba kuitanitsa msonkhano.

A wapampando amakhala kutali. Vuto lili pati akasainiratu macheke angapo?

Pamenepo ndiye pagona vuto lonse. Cholinga cha siginecha ziwiri n'chakuti anthu awiri aone chimene chikulipiridwa. Cheke chosainiratu chimasandutsa anthu awiri kukhala mmodzi, ndipo wosainiratuyo wavomereza chinthu chimene sanachione. Njira yake ndi kukhala ndi osainira atatu kapena anayi, awiri aliwonse n'kumakwanira, ndipo wosaina aziona vocha, invoisi ndi kotesheni zili pamodzi asanagwire cholembera.

Masiku ano ndalama zambiri zikuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba. Nambala ikhale ya bungwe, osati ya dayirekitala, ndipo sitetimenti yake izisindikizidwa mwezi ndi mwezi n'kuikidwa m'fayilo limodzi ndi ya kubanki. Ndalama ya ana amasiye ikalowa mu foni imene mumagulira mayunitsi a magetsi a kunyumba, ngakhale inu mwini pakatha miyezi itatu simungathe kuzilekanitsa.

Kumudzi kulibe malisiti. Wakabaza kapena mayi wogulitsa nkhuni atipatsa lisiti yanji?

Funso labwino, ndipo yankho lake si kukagula buku la malisiti pamsika n'kumadzilembera. Bungwe likhale ndi vocha yake ya manambala otsatizana. Tiyerekeze mwagula mitolo ya nkhuni yophikira phala kwa mayi wina kwa Wimbe. Pa vochapo mulembe tsiku, dzina lawo, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika kapena ya foni, mitolo ingati, pa mtengo wanji. Mayiwo asaine, kapena adinde chala ngati salemba. Wolipira asaine, ndipo mboni, kaya wa komiti ya makolo, asainenso. Pepala limenelo ndi lamphamvu kuposa lisiti yokongola ya sitolo imene kulibe.

Chimodzimodzi ndi mndandanda wa obwera ku maphunziro. Aliyense alembe yekha dzina lake, asaine yekha polandira ya thiransipoti. Zoti mlembi adzaze mayina 40 madzulo ali pakhonde, n'kumasintha kapendekedwe ka cholembera kuti masiginecha asiyane, zinagwetsa mabungwe ambiri. Opereka thandizo masiku ano amatenga mndandandawo n'kuimbira anthu asanu mwa apo ndi apo: "Mayi, munalipo pa maphunziro aja? Munalandira zingati?"

Odita ndi wodula. Mnzathu wina anaphunzira za akaunti, sangatithandize?

Angakuthandizeni kukonza mabuku, koma lipoti la odita limasainidwa ndi munthu wovomerezeka kugwira ntchitoyo. Funsani ku Malawi Accountants Board kapena ku ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, ngati dzina lake lilipo. Asakhale wa m'bodi, wachibale, kapena yemweyo amene analemba mabukuwo. NGO imayenera kupereka ku NGORA chaka chilichonse lipoti la zachuma lowunikidwa ndi odita, lipoti la ntchito, ndi kumene ndalama zinachokera. Ndalama ya odita muziiika mu bajeti ya pulojekiti iliyonse kuyambira pachiyambi. Ndipo kalata imene odita amalemba yosonyeza zofooka isathere m'dirowa ya dayirekitala. Iwerengedwe pa msonkhano wa bodi, chofooka chilichonse chipatsidwe mwini ndi tsiku.

Kwa CBO yaing'ono, komiti ya anthu awiri kapena atatu osagwira ndalama, yowerengera buku ndi malisiti pamaso pa mamembala, ndi poyambira pabwino.

Sitipanga phindu. MRA ikutifunanji?

Ikufuna misonkho ya anthu ena imene imadutsa m'manja mwanu. Wantchito amene malipiro ake apyola mlingo wosadulidwa msonkho mumamudula PAYE, n'kuipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Polipira lendi ya ofesi kapena katswiri amene mwamulemba ntchito yapadera, pamakhala msonkho wa withholding tax woti mudule pa ndalama imene mukulipirayo ndi kupereka ku MRA. Palinso TEVET levy, msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito. Kusalipira msonkho pa ndalama zimene bungwe limalandira, kapena pa katundu wolowa m'dziko, kumachita kupemphedwa ndi kuvomerezedwa. Sikubwera kokha chifukwa chakuti mumathandiza ovutika.

Penshoni nayo ndi lamulo kuyambira 2011: olemba ntchito amaika K10 pa K100 iliyonse, wantchito K5. Kudula wantchito PAYE kapena penshoni n'kugulira mafuta a galimoto, mukuti mudzabweza dona akatumiza gawo lachiwiri, ndiko kukumba dzenje lalikulu kwambiri m'mabungwe ang'onoang'ono. Chiwongoladzanja ndi zilango zimakwera, ndipo palibe wopereka thandizo amene amavomera kulipira chilango.

Tili ndi mnyamata amene amabwera tsiku lililonse, timamupatsa ya sopo. Ndi wantchito kapena wongodzipereka?

Ngati ali ndi nthawi yolowera ndi yowerukira, ali ndi bwana, ndipo akajomba amafunsidwa, khoti loona za ntchito likhoza kumuona ngati wantchito, kaya inu mumamutcha chiyani. Zikatero Employment Act ya 2000 imamuteteza: malipiro osatsika pa mlingo wa boma, tchuthi, ndi kumvedwa mbali yake asanachotsedwe. Mlonda ndiye amaiwalika kawirikawiri. Mulembereni kalata ya ntchito.

Mitengo yakwera, bajeti sikukwanira. Tingatenge ndalama ya mabuku n'kugulira simenti?

Pemphani kaye, mwa kalata kapena imelo, ndipo dikirani yankho lolembedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabajeti ambiri anasanduka mapepala chabe, ndipo opereka thandizo ambiri anamvetsa amene anafotokoza msanga. Amene anasuntha ndalama okha n'kudzafotokoza pa lipoti lomaliza ndiwo anauzidwa kuti abweze. "Tinagwirizana pa foni" si umboni, chifukwa amene munayankhula naye mawa akhoza kusamukira ku Nairobi. Ndalama yotsala pulojekiti ikatha nayonso ili ndi mwini. Funsani musanaigwiritse ntchito.

Amfumu atipatsa malo omangapo. Kalata yawo ikukwanira?

Ndi poyambira, koma si pothera. Malo akumudzi amakhala ndi banja limene limalima pamenepo, ndipo amene anavomera lero akadzamwalira, adzukulu adzafunsa. Lembani mgwirizano wosainidwa ndi banjalo, nyakwawa, gulupu ndi Gogo Chalo, malire atayendedwa anthu akuona. Kenako tsatani ndondomeko ya ku ofesi ya malo, motsata malamulo a malo a 2016 amene anakonzedwanso mu 2022, kuti mapepala atuluke m'dzina la bungwe, osati la woyambitsa. Kuno ku Kasungu onetsetsaninso kuti malowo sali mkati mwa lizi ya esiteti, ngakhale esitetiyo ioneke yosiyidwa, komanso kuti sakulowa m'malire a paki ya nyama zakutchire ya Kasungu.

A phungu akufuna adzakhalepo pogawa ufa. Tiwakanize?

Aphungu ndi makhansala ndi atsogoleri a dera, ndipo kuwaitana si kulakwa. Cholakwika ndi nsalu za chipani, nyimbo za chipani, ndi mawu oti ufawu wabwera ndi uje. NGO polembetsa imalonjeza kuti sichita ndale za chipani, ndipo Political Parties Act ya 2018 inaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Auzeni mwaulemu mwambo usanayambe, makamaka pamaso pa amfumu. Wa m'bodi kapena wantchito amene akufuna kuimira pa chisankho atule kaye udindo.

Madona amafuna zithunzi za ana. Pali choletsa?

Pemphani chilolezo cha kholo kapena womulera, cholembedwa, atamva bwino kumene chithunzicho chikupita. Mwana ajambulidwe atavala, ali ndi ulemu wake. Dzina lake lonse, mudzi wake ndi matenda ake zisaikidwe pa Facebook. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi Data Protection Act, ndiye kaundula wa anthu amene mumawathandiza asamangoyenda m'magulu a WhatsApp.

Chachikulu kuposa zithunzi ndi ichi. Malamulo a dziko, kuyambira 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wantchito kapena wongodzipereka akaganiziridwa kuti wagwirira kapena kuzunza mwana, nkhaniyo si yokambirana pabwalo la amfumu n'kulipitsana mbuzi, ndipo si yobisa poteteza mbiri ya bungwe. Mwana apite kuchipatala msanga, nkhani ipite ku polisi ku Victim Support Unit ndi kwa a Social Welfare. Nambala ya 116 ndi yaulere. Ndipo ngati bungwe lili ndi munda wopezera ndalama, ana amene mukuwathandiza asasanduke aganyu osoka fodya.

Anthu akumudzi si amene amapereka ndalama. Tiwauzirenji za bajeti?

Chifukwa ndalamazo zinapemphedwa m'dzina lawo. Matani pepala pa sukulu kapena pa bwalo la ADC: talandira zakuti, zomangira zakuti, kontilakita ndi uje, ntchito itha mwezi wakuti. Mayina a olandira thandizo awerengedwe pagulu, anthu atsutse ngati mwalowa mayina a anthu omwalira kapena a kubanja kwa amfumu okhaokha. Nenani mobwereza kuti palibe amene ayenera kupereka ndalama, nkhuku kapena thupi lake kuti alembedwe, ndipo perekani njira yodandaulira imene siidutsa kwa wolemba mayinayo. Bokosi la madandaulo limene kiyi wake amasunga ndi yemwe akudandaulidwayo ndi lokongoletsa khoma chabe.

Tikuganiza kuti wina wasolola ndalama. Tichite chiyani?

Musayambe ndi kulalata pa gulu la WhatsApp, komanso musayambe ndi "tikambirane pachibale". Wapampando wa bodi adziwe tsiku lomwelo. Tengani mafayilo, mabuku a macheke ndi laputopu muziike pamalo otetezeka, ndipo lemberani banki kuti woganiziridwayo asasainenso. Muimitseni kaye ntchito ndi kalata pamene kafukufuku akuchitika, ndipo mum'patse mpata woyankha. Mukamuchotsa osamumva, akhoza kukakupambanani kukhoti ngakhale ndalamazo anatengadi.

Wopereka thandizo amve kwa inu, asamve kwa ena. Ambiri amaopa kuti akanena thandizo liima. Likhoza kuimadi kwa kanthawi, koma chimene chimatseka khomo mpaka kalekale ndi kubisa. Chichitikireni Cashgate, kubedwa kwa ndalama zambiri za boma, mu 2013, pamene mayiko anaimitsa thandizo lopita mwachindunji ku bajeti ya boma, diso la madona pa ndalama iliyonse yolowa m'dziko muno linakhwima, ndipo mabungwe sanasiyidwe. Kuba ndi nkhani ya polisi. Ziphuphu ndi katangale, monga kulandira kenakake kwa kontilakita kuti apatsidwe ntchito, ndi za ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Pali mawu aja akuti mbuzi imadya pamene aimangirira, amene anthu amanena akuseka. Akayamba kumveka mu ofesi mwanu, a bodi musaseke nawo.

Amene waulula atetezedwe. Kawirikawiri amakhala wamng'ono pa onse, kalaliki kapena dalaivala, ndipo ndi amene amayamba kuchotsedwa.

Thandizo latha, tikufuna kutseka. Tigawane katundu?

Ayi. Njinga yamoto, makompyuta, mipando ndi nyumba sizigawidwa kwa a bodi kapena antchito, ngakhale pali malipiro amene sanalandire. Yambani ndi kuwerenga mgwirizano wa pulojekiti iliyonse, chifukwa ena opereka thandizo amanena okha kumene katundu wawo apite. Bodi ikhale pansi, ivomereze kutseka m'maminitsi, ndipo ilembe katundu yense ndi ngongole zonse. Antchito alipidwe zawo motsata ndondomeko, MRA ndi penshoni zithetsedwe, ndipo zotsala zipite ku bungwe lina la zolinga zofanana monga mmene malamulo anu akunenera. Lemberani NGORA, Registrar General ndi khonsolo. Mijigo, makalasi ndi zina zimene munamanga ziperekedwe ndi kalata ku komiti ya m'deralo kudzera ku ADC, ndipo mafayilo a zachuma asungidwe ndi munthu amene bodi yamutchula dzina, chifukwa mafunso a odita ndi a MRA amatha kubwera bungwe litatsekedwa kale.